Tifunseni: Za Makalabu Oyendetsa Ngolo za Mahatchi

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wachikulire wokhala ku Mabvuku kuno ku Harare, ndipo makolo anga anachokera ku Dedza. Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito yosamalira mahatchi pa khola lina kumpoto kwa Harare. Posachedwapa abwana ake alowa kalabu ya anthu oyendetsa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, ndipo akufuna kuti Loweruka lililonse mnyamatayo aziimirira kumbuyo kwa ngoloyo. Ine mahatchi amene ndimawadziwa ndi a ku Borrowdale, kumene anzanga ambiri anatayira malipiro awo pobetcha. Kodi izi si zomwezo? Nanga woima kumbuyo amakachita chiyani, poti woyendetsa alipo kale?
Bambo wankhawa, Mabvuku

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, pakuti kwa ambiri a ife mu mzinda uno mawu akuti hatchi amatikumbutsa bwalo la Borrowdale Park, la bungwe la Mashonaland Turf Club, kumene kumachitikira mipikisano yothamangitsa mahatchi monga Castle Tankard, umene unayamba mu 1960. Kumeneko chofunika ndi liwiro, ndipo owonerera amabetcha ndalama. Kalabu imene mwana wanu akuitanidwako ndi ya mtundu wina. Opambana ake kawirikawiri amabwerera kwawo ndi liboni kapena chikho basi, ndipo masiku ambiri okumana sipakhala ngakhale mpikisano: mamembala amaphunzitsa mahatchi, amatsuka ndi kupaka mafuta malamba achikopa, amalangiza obwera kumene, kapena amatsogozana ngolo zingapo m'misewu yafumbi ya m'mafamu, nakadyera pamodzi kamba pansi pa mtengo.

Mpikisano ukakhalapo, umatsatira malamulo a bungwe la FEI, loyang'anira masewero a mahatchi padziko lonse, limene linavomereza masewerowa mu 1970. Pa nthawiyo mtsogoleri wa bungweli anali Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, yemwe atasiya masewero a polo (omenya mpira munthu ali pa hatchi) mu 1971 anayamba kuyendetsa yekha ngolo ya mahatchi anayi. Mpikisanowu uli ndi magawo atatu. Pa gawo loyamba woyendetsa amalowa m'bwalo losalala, lotalika mamita 100 kapena 80 ndi mamita 40 m'lifupi, nasonyeza oweruza kuti hatchi yake imamvera: iyende, ithamange pang'ono, izungulire, iime chilili, ibwerere chambuyo. Gawo lina, limene nthawi zambiri limakhala lomaliza, ndi lodutsa pakati pa zizindikiro zapulasitiki zoikidwa ziwiriziwiri, chilichonse chili ndi kampira pamwamba, ndipo mpata wake umaposa kukula kwa ngolo ndi masentimita owerengeka okha. Kampira kakagwa, woyendetsa amalangidwa mapointi 3.

Gawo lapakati ndi limene likukhudza kwambiri mwana wanu, ndipo ndi pomwe pali ngozi. Ngolo imayenda makilomita angapo kutchire, kenaka imalowa m'malo opingasa, omangidwa ndi zipika, mitengo, zitunda kapenanso madzi, momwe muli zipata zolembedwa malembo kuyambira A, zimene ziyenera kudutsidwa motsatana ndiponso mofulumira, mbendera yofiira ili kudzanja lamanja, yoyera kumanzere. Ngolo ikamakhota mothamanga chotero imafuna kugubuduka, monga momwe imachitira wilibala yodzaza mbali imodzi. Woima kumbuyo ndiye amaponya thupi lake lonse mbali imene akukhotera kuti mawilo asanyamuke, amakankha kumbuyo kwa ngolo kuti isakole chipika, amasunga nthawi pa wotchi, ndipo amakumbutsa woyendetsa njira akasokonezeka. Pakachitika vuto, iye ndiye amadumpha nakagwira hatchi kumutu, chifukwa woyendetsa saloledwa kusiya zingwe. Mwana wanu sakupita kukakhala katundu wolemeretsa ngolo ayi. Abwana akewo akuika moyo wawo m'manja mwake, ndipo sangasankhe munthu amene hatchiyo siimudziwa.

Ife sitikuona chifukwa chomuletsera, koma tikupemphani kuti mukhale naye pansi, mumulangize zinthu zoti akafunse asanavomere. Apatsidwe chipewa cholimba chomukwana iyeyo, osati chobwereka chogwedera, pamodzi ndi chovala choteteza msana ndi nthiti. Ayambe waphunzitsidwa pa liwiro lochepa kwa masabata angapo asanalowe mpikisano uliwonse. Agwirizane momveka za malipiro a Loweruka, pakuti chimene chili chisangalalo kwa abwana, kwa iye ndi tsiku la ntchito, ndipo adziwiretu amene adzalipire kuchipatala akadzavulala. Nkhani ngati zimenezi anthu athu amachita nazo manyazi pamaso pa bwana, koma zimayankhulika bwino munthu asanathyoke mwendo. Lamulo limodzi alisunge ngakhale wina atamufulumiza bwanji: asavule malamba a kumutu kwa hatchi, amene ali ndi zotchingira maso m'mbali, ikadali yomangidwa ku ngolo, chifukwa hatchi yoona mwadzidzidzi chinthu chikuilondola kumbuyo imathawa nacho, ndipo palibe angaigwire.

FUNSO: Akonzi, ndinakulira ku Ntcheu, kumene ndinkayendetsa ngolo ya ng'ombe ya malemu atate anga kupita nayo kuchigayo. Alongo anga ali ndi abulu awiri ku Domboshava. Kodi abulu amaloledwa m'makalabu amenewa, kapena ndi za anthu achuma okhala ndi mahatchi okha?
Mayi wa ku Mufakose

YANKHO: Mayi, kusunga hatchi kumadya ndalama ndithu, ndipo zimenezo sitingakubisireni, koma m'maiko ambiri makalabu otere amalandira abulu, nyulu ndi timahatchi tating'ono, makamaka pa maulendo ocheza ndi pa mipikisano ya pakati pa mamembala okhaokha. Kalabu iliyonse ili ndi malamulo ake, choncho alongo anu apite akafunse, ndipo angathe kuyamba ngakhale opanda chiweto, pothandiza kutola timipira takugwa kapena kusunga nthawi. Kunena zoona, ziweto za makutu aataliwa zinatumikira dziko lino la Zimbabwe kuposa hatchi. M'zaka za m'ma 1890, sitima yapamtunda isanafike ku Bulawayo mu 1897 ndi kuno ku Harare mu 1899, makalata ndi apaulendo ankayenda pa ngolo za kampani ya Zeederberg, zimene zinkakokedwa kwambiri ndi nyulu, popeza mahatchi ankafa ndi matenda.

Luso lanu la ku Ntcheu lidzakuthandizani pa kuleza mtima, pa kuyankhula ndi chiweto ndi pa kuyeza mpata ndi maso, koma pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchisiya kumudzi, ndicho goli. Ng'ombe inalengedwa ndi khosi lolimba ndi linunda, ndipo goli limakhala bwino pamenepo. Bulu ndi hatchi mphamvu zawo zili pa chifuwa ndi m'mapewa, kotero kuti goli limawatupula zilonda pakhosi ndi kuwatsamwitsa, monga timaonera abulu ambiri okoka ngolo m'midzi yozungulira mzinda uno. Chofunika ndi lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, wofewa mkati, ndi lamba wina wozungulira kumatako, amene amagwira ntchito ya buleki kuti ngolo isagunde chiweto potsetsereka. Katundu aikidwe pamwamba pa mawilo, kuti mitengo ya ngolo isalemere pamsana.

Kaphunzitsidwe kakenso n'kosiyana. Chiweto chimayamba chazolowera malamba, kenaka mphunzitsi amayenda pansi kumbuyo kwake atagwira zingwe zazitali, pambuyo pake chimakoka tayala lakutha kuti chizolowere phokoso lochokera kumbuyo, ndipo ngolo imabwera pomalizira penipeni. Chikwapu chilipo, koma ntchito yake ndi kukhudza chiweto m'nthiti posonyeza mbali yopita, m'malo mwa miyendo ya wokwera. Wochigwiritsa ntchito mokwapula, ku kalabu amamutulutsa m'bwalo.

FUNSO: Akonzi, ndayamba kumene ntchito pa khola la mahatchi. Mvula itangoyamba, anatiuza kuti mahatchi azilowa m'khola dzuwa lisanalowe ndipo asatuluke m'mamawa, ndipo ngakhale maulendo a kalabu anawasinthira masana. Chifukwa chake n'chiyani?
Mnyamata wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Achimwene, abwana anu akuopa nthenda yotchedwa African horse sickness, yomweyo imene inkapha mahatchi m'masiku a Zeederberg. Imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'malo achinyezi ndipo timaluma kwambiri madzulo, usiku ndi m'bandakucha. Nthendayi sichoka pa hatchi kupita pa inzake mwa kukhudzana, ndipo munthu siimugwira, koma ilibe mankhwala ochiza, ndipo mahatchi ambiri osabayidwa katemera amafa nayo. Abulu amapirira kwambiri kuposa mahatchi. Katemera amabayidwa chaka ndi chaka m'nyengo yopanda mvula, ndipo hatchi yobayidwa kumene siyenera kugwira ntchito yolemetsa kufikira dokotala wa ziweto atavomereza. Inu amene mumaona mahatchi m'mawa uliwonse, yang'anirani zizindikiro izi: kutentha thupi, kupuma movutika, kutsokomola, thovu lotuluka m'mphuno, ndi kutupa kwa timaenje ta pamwamba pa maso. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, musaimange hatchiyo ku ngolo, ndipo muuze abwana anu nthawi yomweyo kuti aitane dokotala.