Kodi mowa wakuda wa m'mgolo wa vinyo ukawawasa ndiye kuti wawonongeka?

Bambo wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti anapatsidwa mabotolo awiri a mowa wakuda umene unakhalitsa m'mgolo wa vinyo wofiira, ndipo atatulutsa limodzi m'firiji n'kulawa, anamva kuwawasa ndi khambi, moti akufunsa ngati ataye botolo lotsalalo.

Bambo, musataye. Kuda kwa mowawu kumachokera ku chimera cha balere chokazingidwa kwambiri, chimenenso chimaupatsa kakomedwe ka khofi ndi chokoleti, koma zimene zinakudabwitsanizo n'za mgolo. Mgolo wa vinyo wa ku Bordeaux, m'dziko la France, umalowa malita 225, umapangidwa ndi matabwa a mtengo wa oak, ndipo pofika kwa ofulula mowa matabwawo amakhala atamwa vinyo kwa miyezi yambiri. Mowa ukagonamo umatenga kafungo ka vanila, kakomedwe ka mphesa ndiponso khambi lija louma m'kamwa. M'timing'alu ta matabwa mumathanso kubisala yisiti yotchedwa Brettanomyces ndi mabakiteriya a Lactobacillus, zimene zimadya shuga wotsala mumowa, ndipo mabakiteriyawo ndiwo amauwawasitsa. Ofulula ena amachitira dala zimenezi. Ku Roeselare, m'dziko la Belgium, kampani ya Rodenbach imasunga mowa wake wofiirira m'migolo ikuluikulu ya oak mpaka zaka ziwiri.

Chimene chinakulakwitsani, m'kuona kwanga, ndi firiji, chifukwa kuzizira kumatsekereza fungo n'kusiya khambi lili poyera. Botolo lachiwirilo mulitulutse, lidikire pathebulo mpaka lifike madigiri 10 kapena 13, kenaka muthire theka lokha m'tambula ya mimba yaikulu ndi kukamwa kopapatiza. Thovu likachepa musadandaule, mowa wotere ndi mmene umakhalira nthawi zambiri. Yambani mwanunkhiza, ndipo musauweruze pa kulawa koyamba, pakuti lilime limayamba ladzidzimuka; pofika kachitatu, tambula itafunda m'dzanja, m'pamene mphesa zouma ndi chokoleti zimatulukira pansi pa kuwawasa kuja. Ine tambula imodzi ndimakhala nayo pafupifupi ola lathunthu, ndipo n'koyenera kutero popeza mowa wamtunduwu kawirikawiri umakhala waukali kuposa wamba.

Wowonongeka umadziwika mwanjira ina: umabaya pakhosi ngati viniga weniweni, umanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, kapena umamveka ngati katoni yonyowa chifukwa choti munalowa mpweya wambiri. Mukamva chimodzi mwa zitatuzi, pamenepo mukhoza kuutaya.