Kuweta tintchentche togulitsa kwa oweta achule

Funso: Ndimasamalira maluwa panyumba ina ku Randburg, dera la mu Joni. Abwana amaweta tiachule tamawangamawanga m'bokosi lagalasi, ndipo amagula tintchentche todyetsa achulewo. Ndasunga R1,500. Kodi ndingawete tintchentcheti n'kumagulitsa?

Yankho: Achimwene, maso anu ndi akuthwa. Achulewa sadya chakufa, amafuna choyenda, ndiye mwini wake amagula chaka chonse. Koma ndalama yanuyo musaithire yonse pamenepa.

Tintchentche take ndi tonga timene timaunjikana pa nthochi yakupsa kwambiri, kungoti togulitsato ndi ta mtundu wosauluka. Musatole ta kukhitchini. Gulani kapu imodzi ya mbewu, ya mtundu wotchedwa Drosophila melanogaster, imene imaswana m'masabata awiri. Mtundu waukulupo, hydei, umatenga pafupifupi masabata atatu kapena kuposera. Pansi pa kapu yapulasitiki ikani phala la nthochi yokanya, oats, yisiti pang'ono ndi viniga woletsa chuku. Pamwamba ikani mapepala opindapinda oti tiziyendapo, n'kutseka ndi kansalu kolowa mpweya. Pakatha sabata mudzaona timphutsi toyera tikukwera m'mbali mwa kapu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chisanu cha kuno ku Joni. Tizilomboti timafuna kutentha kwa madigiri 22 mpaka 26, pamene mu June ndi July m'mawa udzu umayera ndi chisanu. M'chipinda cha kuseri chopanda siling'i kuswana kumachedwa kwambiri, ndipo hita idzakudyerani magetsi. Makapu asungeni m'bokosi losunga kutentha, kutali ndi zenera. Mtengo wa magetsi ndi thiransipoti muuwerengere pa kapu iliyonse musanatchule mtengo wogulitsira.

Kapu ikatha mwezi, itayeni. Mukaimvera chisoni, tinthata timalowa n'kufalikira makapu onse. Choncho sabata iliyonse muziyambitsa makapu atsopano, ngakhale oda isanabwere, chifukwa kasitomala amene mwamukhumudwitsa kamodzi achule ake ali ndi njala sabweranso.

Msika wake ndi wochepa, si wa tomato. Yambani ndi makapu anayi, mupatse abwana imodzi ayese, kenako muwapemphe akulumikizeni ndi anzawo a m'magulu a Facebook ndi WhatsApp. Masitolo a ziweto muwafikire mukakhazikika. Nkhululu zazing'ono mudzawonjezere pambuyo pake, popeza oweta abuluzi nawonso amazigula, koma zimanunkha ndipo zimalira usiku, ndiye muyambe mwakambirana ndi eni nyumba.

Achule akutchire okha musagwire n'kumagulitsa. Ku Gauteng, chigawo chimene muli Joni, zimenezo zimafuna chilolezo cha boma.