Chikwapu cha pa mpikisano wa mahatchi: yankho kwa mayi wa ku Liverpool

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Liverpool. Akuti ankaonera mpikisano wa mahatchi wa Grand National pa TV ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 9. Mahatchi atayandikira pomalizira, mwanayo anafunsa kuti, "Amayi, akuimenyeranji chonsecho ikuthamanga kale?" Mayiwo anasowa choyankha. Atafunsa anzawo kuntchito, anawauza kuti chikwapucho ndi cha siponji, sichipweteka, ndipo pali malamulo okhwima. Ndiye akundifunsa ngati zimenezo ndi zoona.

Mayi, zikomo pondilembera. Anzanuwo sananame, koma anakuuzani mbali imodzi. Funso la mwana wanuyo ndi lomwe akuluakulu a masewerawa akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri.

Chikwapu chimene mumaona m'manja mwa jockey, wokwera hatchi pa mpikisano, si chikoti chachikopa chimene mukuchidziwa kwathu. Ndi kandodo kosapitirira masentimita 70, ndipo kumapeto kwake anakutako siponji yofewa. Ku Britain chinakhala chokakamiza mu 2004 pa mipikisano yodumpha mipanda, ndipo mu 2007 pa mipikisano ya pamalo osalala. Ndinachigwirapo. N'chopepuka, mukachifinya chimabonyeka, ndipo mukadzimenya nacho pachikhatho chimalira kwambiri kuposa momwe chikupwetekera. Okwera mahatchi amati ntchito yake ndi phokosolo, kuti hatchi idzidzimuke n'kuika mtima pa liwiro. Komabe kudzimenya wekha pachikhatho utaima chilili n'kosiyana ndi kumenyedwa pantchafu ndi munthu amene akufuna kupambana, ali pamsana pa nyama yothamanga makilomita pafupifupi 60 pa ola.

Malamulo alipodi. Amene amawayendetsa ku Britain ndi bungwe la British Horseracing Authority, BHA mwachidule. Kuyambira mu 2023, jockey amaloledwa kukwapula hatchi maulendo 6 pa mpikisano wa pamalo osalala, ndi maulendo 7 pa wodumpha mipanda ngati Grand National. Saloledwa kukweza mkono kupitirira phewa lake. Saloledwa kumenya kumutu kapena m'nthiti. Akakwapula kamodzi ayenera kuipatsa hatchi mpata woti iyankhe asanabwereze. Ngati hatchi yatsala kutali moti singapambanenso, kapena yapambana kale moonekeratu, chikwapu chisagwire ntchito. Pali komiti imene imakhala pansi n'kuonera kanema wa mipikisano, kuwerenga zikwapu chimodzichimodzi. Wopyola malire amaimitsidwa masiku angapo, ndipo pa mipikisano ikuluikulu chilango chimawirikiza kawiri. Akapyola ndi maulendo 4 kapena kuposerapo, hatchi imalandidwa malo amene inapeza.

Lamulo lomalizali lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inachitikira pafupi ndi kwanu, pa bwalo la Aintree, pomwe pamachitikira Grand National. Mu 2011 hatchi yotchedwa Ballabriggs inapambana Grand National tsiku lotentha. Inafika pomalizira itatheratu, moti anaithira madzi n'kuipatsa mpweya, ndipo sinapite n'komwe pamalo olandirira ulemu. Wokwera wake, Jason Maguire, anamuimitsa masiku 5 chifukwa chokwapula mopyola. Koma chikho chinakhala chake. Anthu amene anaonera anakwiya, ndipo chaka chomwecho BHA inachepetsa chiwerengero cha zikwapu zololedwa. Okwera nawo anakwiya. Mmodzi wa iwo, Richard Hughes, anafika pobweza chiphaso chake, ndipo malamulowo anawafewetsa. Kenako mu 2022 Sam Waley-Cohen anapambana Grand National ndi hatchi yotchedwa Noble Yeats, naye atapyola malire. Anamulipiritsa mapaundi 400 ndi kumuimitsa masiku 9. Munthuyo anali atalengeza kale kuti umenewo ndi mpikisano wake womaliza. Mungamuimitse bwanji munthu amene wapuma kale? Mwini hatchi, amene anali bambo ake, analandirabe mphoto yake.

Apa m'pamene panaonekera poyera kuti chilango chogwera jockey yekha sichiletsa kanthu pamene mphoto ndi yaikulu. N'chifukwa chake anabweretsa zolanda hatchi malo. Woyamba kugwa nalo anali Charlotte Jones, pa bwalo la Ayr ku Scotland mu February 2023: hatchi yake, Lunar Discovery, inamaliza yachiwiri, koma iye anaikwapula maulendo 11. Mu October 2024 hatchi yotchedwa Alphonse Le Grande inapambana mpikisano wa Cesarewitch ku Newmarket, inalandidwa chipambano patatha masiku angapo chifukwa komiti inawerenga zikwapu 10, kenako inabwezeredwa pa apilo atagamula kuti chimodzi mwa zikwapuzo sichinayenera kuwerengedwa. Taganizani, mayi, anthu ophunzira kukhala m'chipinda kuimitsa ndi kubweza kanema, kukangana ngati chikwapu cha nambala 10 chinafikadi pathupi. Za 9 zinazo palibe amene ankatsutsa.

Tsopano funso lenileni: kodi imamva kuwawa? Ine ndikuti inde. Mwina munaonapo ng'ombe kapena bulu ntchentche itatera pamsana, khungu lokha n'kunjenjemera pamalo pomwepo. Hatchi imachitanso chimodzimodzi. Nyama imene imamva phazi la ntchentche ingalephere bwanji kumva chikwapu? Kale anthu ankati khungu la hatchi ndi lochindikala. Mu 2020 akatswiri a ku Australia, motsogozedwa ndi Lydia Tong, anayerekeza khungu la pantchafu ya hatchi ndi la munthu, ndipo anapeza kuti kunja kwa khungu, kumene kuli timitsempha tomva ululu, palibe kusiyana kwenikweni. Gawo lochindikala lili pansi, ndipo silitchinga ululu wa pamwamba. Ndiponso malamulo omwewo a BHA ali ndi chilango cha jockey amene wasiya mkwingwirima pathupi la hatchi, ndipo madokotala a ziweto amayang'ana mahatchi akamaliza. Chinthu chosapweteka sichingafune lamulo lotero.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti palibe umboni wogwira mtima woti chikwapu chimawonjezera liwiro. Mu 2011 David Evans ndi Paul McGreevy a pa yunivesite ya Sydney anayeza liwiro la mahatchi chigawo ndi chigawo. Anapeza kuti ankathamanga kwambiri pakati pa mamita 600 ndi 400 asanafike pomalizira, pamene palibe amene ankawakwapula. Zikwapu zinkachuluka kumapeto, mahatchi atatopa ndipo liwiro likutsika. Ndivomere kuti anayeza mipikisano yochepa, ndipo a masewerawa amakonda kukumbutsa kuti ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku bungwe loteteza nyama la RSPCA. Koma zimene anapeza zikugwirizana ndi zimene maso amaona: hatchi imakwapulidwa itatopa, pa nthawi imene ilibenso mphamvu zoti ipereke.

Okwera ali ndi mfundo imodzi imene sindiitaya. Hatchi imalemera pafupifupi makilogalamu 500, wokwera wake sapitirira 60 kapena 70. Ikayamba kukhotera kwa inzake, kapena kuzengereza pafupi ndi mpanda, pamafunika chinachake choiwongolera msanga, chifukwa pamenepo pali moyo wa munthu ndi wa nyama. N'zoona. Koma kunyamula chikwapu n'cholinga chopewa ngozi ndi nkhani ina, kukwapula kuti upambane ndi inanso. Ku Norway anasiyanitsa ziwirizi kuyambira mu 1982, ndipo Sweden inaletsa kukwapula kofulumizitsa mu 2022. Mipikisano ikuchitikabe kumeneko, opambana akupezeka. Ku Britain komweko kuli mipikisano ya okwera ongophunzira kumene, yotchedwa hands and heels, momwe amanyamula chikwapu koma saloledwa kufulumizitsira hatchi. Kafukufuku wina wa mu 2020 anayerekeza malipoti a oyang'anira pa mipikisano yotereyi ndi ya masiku onse, yoposa 100 pamodzi, ndipo sanapeze kuti chikwapu chinathandiza kuwongola mahatchi kapena kuchepetsa ngozi.

Ndiye chikhalirenji? Maganizo anga ndi akuti n'chizolowezi ndi ndalama. Wobetcha amafuna kuona kuti jockey wayesetsa mpaka pomaliza, mwini hatchi chimodzimodzi, ndipo jockey amene sakweza mkono amaopa kuti mawa sapatsidwanso hatchi. Sindiwaona okwerawa ngati anthu ankhanza. Ambiri amadzuka mbandakucha, amadzimana chakudya kuti asalemere, amathyoka mafupa, ndipo mahatchiwo amawakonda. Koma nambala ya 6 kapena 7 sinachokere kwa hatchi. Anagwirizana anthu, poyesa kuti oonera asanyansidwe ndipo okwera asanyanyale.

Ndikuuzeninso kuti chikwapu si vuto lalikulu kuposa onse pa masewerawa. Pa Grand National ya 2011 yomwe ija mahatchi 2 anafera pa mipanda. Palinso nkhani ya komwe mahatchi amapita akakalamba kapena akavulala. Chikwapu chimangokhala chimene chimaonekera pa TV, mpaka mwana wa zaka 9 n'kuchiona.

Mwanayo musamuuze kuti hatchi simva. Muuzeni kuti imamva, kuti pali anthu amene amawerenga zikwapuzo ndi kulanga opyola, ndiponso kuti kuli mayiko amene anasiya. Mukadzaoneranso limodzi mu April, mulekeni awerenge yekha kuyambira pa mpanda womaliza, ndipo ayang'anenso mahatchi otsalira m'mbuyo, aone ngati okwera ake atsitsa mikono monga lamulo likunenera. Akadzapeza wina amene sanatsitse, mudzandilemberenso.