Mizere ikamaduka pa pulinta ya singano

Bambo wina wa sitolo ya zipangizo zomangira wanditumizira imelo. Akuti ali ndi pulinta ya singano, Epson LX-300, yolumikiza ku kompyuta yakale ya DOS, ndipo kapulogalamu ka malisiti anachita kuwalembera mphwawo mu GW-BASIC, chilankhulo chakale cholembera mapulogalamu a kompyuta. Vuto n'lakuti zilembo zikuyambira m'mphepete mwenimweni mwa pepala, ndipo mzere ukatalika ukuduka, mitengo ya katundu n'kukagwera pansi. Funso lawo: kodi pulintayi yatha?

Bambo, musaitaye, ilibe mlandu. Makina amenewa sadziwa sentimita, amawerenga zilembo basi. Mzere wake ndi mainchi 8. Mukangoiyatsa imaika zilembo 10 pa inchi, ndiye kuti 80 pa mzere. Mukaiuza kuti ipanikize pang'ono, zilembo 12 pa inchi, zimakwana 96. Ikapanikiza kwambiri zimafika 137. Malire onse amayezedwa ndi zilembo zomwezi, choncho yambani mwasankha kukula kwa zilembo, malire pambuyo.

Chilankhulo chimene imamva ndi ESC/P, chomwe Epson inayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Nthawi zambiri lamulo limayamba ndi nambala 27, kenako chilembo, kenako kuchuluka. Mu GW-BASIC, LPRINT ndi mawu otumizira zinthu ku pulinta, ndipo nambala ngati 27 imalembedwa kuti CHR$(27). Mphwanu awonjezere izi kumayambiriro kwa pulogalamu:

LPRINT CHR$(27);"l";CHR$(5);
LPRINT CHR$(27);"Q";CHR$(75);

Loyambalo likusiya malo a zilembo 5 kumanzere. Ameneyo ndi L wamng'ono, si wani. Lachiwirilo ndi malire a kumanja, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya: 75 akuwerengedwa kuchokera kumanzere, pamene singano zimayambira, osati kuchokera kumanja. Mwatsala ndi zilembo 70 zolembapo.

Wina asafupikitse n'kulemba "5" m'malo mwa CHR$(5). Kwa pulinta, chilembo "5" ndi nambala 53, ndiye risiti imakayambira kupitirira pakati pa pepala. Ine zinandionekera ndikuphunzira kumene, mapepala aja a mabowo m'mbali anangothera m'dengu, ine ndili kalikiliki kuimba mlandu chingwe.

Tsono za kuduka kwa mizere. Pamenepa pali mabwana awiri. GW-BASIC payokha imadula mzere ikawerenga zilembo 80, ngakhale pulinta itakhala ndi malo a 137. Iuzeni GW-BASIC isiye ndi WIDTH "LPT1:",255, kuti wodula akhale mmodzi, pulinta yokha. Mukatero, ngati risiti yanu ndi yotambalala, tumizani CHR$(15) kuti zilembo zipanikizike, malire a kumanja muwaike pa 130. CHR$(18) imabweza zilembo mwakale. Kunena zoona sindizikonda zilembo zopanikizazi pa mapepala a kaboni, kope lachitatu limavuta kuwerenga. Bola kufupikitsa mayina a katundu n'kugwiritsa ntchito za 96 zija, zomwe lamulo lake ndi CHR$(27);"M".

Simunafunse, koma ndikudziwa kuti chikubwera: risiti yachiwiri kuyambira pamwamba pa pepala, yachitatu pakati, chifukwa pulinta siikudziwa kutalika kwa pepala lanu. Pulinta imaika mizere 6 pa inchi, ndiye pepala la mainchi 11 ndi mizere 66, la mainchi 12 ndi 72. Yezani lanu, muiuze ndi CHR$(27);"C";CHR$(72) ngati lili lalitalilo.

Dziwaninso kuti zonsezi imaiwala mukaizimitsa, kapena magetsi akangothima, n'chifukwa chake malamulowa ayenera kukhala m'pulogalamu momwemo. Zikasokonekera, CHR$(27);"@" imafufuta zonse, n'kuyambiranso pa 80.