Chifukwa chake madzi a vape amasintha mtundu ndi kakomedwe

Mwafunsa za botolo la madzi a vape (ndudu yamagetsi) limene munagula lili loyera mbee, koma tsopano lasanduka lofiirira ndipo silikukomanso monga kale, ndiye mukufuna kudziwa ngati madziwo awonongeka komanso malo oyenera kuwasungira. Kusintha mtundu pakokha sikutanthauza kuti awonongeka, koma kumasonyeza kuti zosakaniza zake zayamba kusintha, ndipo chimene chimafulumizitsa zimenezi ndi mpweya, kuwala kwa dzuwa ndi kutentha.

M'madzi amenewa muli propylene glycol ndi vegetable glycerin, timadzi timene timanyamula zosakaniza zina zonse, zimene pa botolo amazilemba mwachidule kuti PG ndi VG, muli zokometsera, ndipo ambiri amakhala ndi nikotini. Kawirikawiri woyambitsa kudako ndi nikotiniyo. Akakhala watsopano alibe mtundu, koma akakumana ndi okosijeni wa mumpweya amasanduka wachikasu, kenako wofiirira, n'chifukwa chake botolo la nikotini wa 18 mg pa mililita imodzi limada msanga kuposa la 3 mg ngakhale onse atakhala m'kabati imodzi. Nthawi iliyonse imene mwatsegula chivindikiro mumalowetsamo mpweya watsopano, ndipo madziwo akatsala theka, malo amene atsala pamwamba amadzaza mpweya umene umapitiriza ntchitoyo usana ndi usiku. Nikotini wotereyu amachepa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo mukakoka amalasa kukhosi ngati tsabola.

Zokometsera nazo sizikhala chete. Vanillin, chokometsera cha fungo la vanila, amene amapezeka kwambiri m'madzi okoma ngati keke kapena kasitadi, amadera akamakalamba, pamene fungo la zipatso limazilala msanga chifukwa limauluka mosavuta botolo likatsegulidwa kapena likatenthedwa. Ena amasiya dala botolo kwa milungu ingapo kuti kakomedwe kakhazikike, ndipo n'zoona kuti madzi ena amakoma bwino akatero, koma ine sindikhulupirira kuti kukhalitsa kumathandiza nthawi zonse. Mu 2018 ofufuza a ku mayunivesite a Yale ndi Duke anasonyeza kuti zokometsera monga vanillin ndi benzaldehyde zimaphatikizana ndi PG m'botolo momwemo n'kupanga mankhwala atsopano otchedwa acetals, amene salembedwa pa botolo ndipo angathe kuyabwa njira za mpweya.

Muyang'anenso kumene kudako kukuchitikira. Ngati m'botolo madzi akadali oyera koma m'tanki ya vape akuda pakangopita masiku ochepa, vuto lili pa koyilo, kawaya kamene kamatenthetsa madziwo. Zotsekemeretsa monga sucralose zimapserera pa waya wotenthayo, zimasiya litsiro lakuda lomata pa thonje, ndipo litsirolo limabwerera m'madzi. Pamenepo muyenera kusintha koyilo ndi kutsuka tanki, chifukwa kasungidwe ka botolo sikangathetse zimenezi.

Malo abwino osungira ndi kabati yamdima ndi yozizira bwino, botolo litaimirira ndiponso litatsekedwa mothina. Musalisiye pawindo kapena m'galimoto yoima padzuwa. Botolo lagalasi lodera limateteza bwino kuposa lapulasitiki yofewa, imene imalowetsa mpweya pang'onopang'ono. Ngati mwagula lalikulu, thirirani pang'ono m'kabotolo kakang'ono koyenda nako, kuti lalikulu lisamatsegulidwe tsiku ndi tsiku. Za firiji sindikulimbikitsani. Kuzizira kumachedwetsadi kuda, koma VG amalimba moti salowa bwino m'thonje, ndipo mukatsegula botolo likadali lozizira limakoka chinyezi, popeza PG ndi VG onse amamwa madzi a mumpweya. Chachikulu koposa n'chakuti botolo lonunkhira zipatso limakhala pakati pa zakudya, pamene mwana angalitenge mosavuta.

Nkhani ya ana ndiyo ndikupempha kuti muisamale kuposa mtundu wa madziwo. Nikotini ndi poizoni akamezedwa. Malamulo a European Union a mu 2014 amaletsa kupitirira 20 mg ya nikotini pa mililita imodzi ndi mamililita 10 pa botolo, komabe kabotolo kotereko kangakhale ndi 200 mg, mlingo woopsa kwambiri kwa mwana wamng'ono kapena chiweto. Chivindikiro chovuta kutsegula chimangochedwetsa mwana, choncho kabatiyo ikhale yapamwamba kapena yokhoma. Mwana akamwako, thamangani naye kuchipatala mutatenga botololo, ndipo madziwo akatayikira pakhungu sambani msanga ndi sopo. Kusunga bwino sikuchotsa kuipa kwa nikotini, yemwe amachititsa chibaba champhamvu.

Kunena za botolo lanulo, onani tsiku lotha ntchito, limene opanga ambiri amaliika pafupifupi zaka ziwiri kuchokera pamene madziwo anapangidwa. Ngati tsikulo silinakwane, fungo lili bwino ndipo madziwo angodera chabe, ndiye kuti angokalamba. Koma ngati akununkha mosasa, achita chifunga, muli zinyenyeswa pansi, kapena agawanika mwakuti ngakhale mutakhutchumula sakusakanikirana, musawagwiritsenso ntchito, ndipo powataya muonetsetse kuti botolo latsekedwa ndithu pamalo amene ana sangafike.