Kanyali ka ABS ndi COF ya Sienta ija

Eee achemwali, mwaswera bwanji ku Area 25 kumeneko? Pepani, manja onse ali oyilo, ndiye ndingolankhula. Funso lanu ndaliona: COF ya Sienta, satifiketi yosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ikutha Lachisanu, koma pa dashibodi pakuyaka kanyali kachikasu kolembedwa ABS, ka makina oletsa matayala kuloka mukaponda mabuleki mwadzidzidzi, ndiye mukufunsa ngati ingakapase choncho. Ndaonanso alamu alemba kuti mungochotsa babu. Alamu, ayi ndithu, musawapusitse achemwali anga!

Tayesani izi pompano. Tembenuzani kiyi koma musalize injini. Tinyali tonse timayaka kaye, ABS, eyabagi, oyilo, batire, check engine, kenako ka ABS ndi ka eyabagi timazima patapita masekondi ochepa, enawo amazima injini ikalira. Galimoto imakhala ikudziyesa yokha. Ndiye munthu amene amayeza magalimoto tsiku ndi tsiku akaona kuti ka ABS sikanayake n'komwe, wadziwa kale kuti pali chimene chabisidwa. Komanso magalimoto ambiri a ku Japan amasiku ano mulibe babu wongosolola, ndi tima LED tomatidwa pa bolodi. Mukhoza kuwononga mita yonse chifukwa cha kanthu kakang'ono.

Ku COF kumeneko amayang'ana mabuleki, matayala, magetsi, chiwongolero, zam'munsi, mawaipa, hutala, utsi. Kanyali kaja kamangokunong'onezani kuti chimodzi mwa zimenezi chadwala. Ka ABS kakayaka, mabuleki wamba amagwirabe, koma mukaponda mwadzidzidzi pa tala wonyowa matayala amatha kuloka, galimoto n'kumangotsetsereka. Ndi ana a sukulu mumanyamula m'mawa aja, ine sindingagone tulo. Nthawi zambiri sivuto lalikulu ayi. Ndi sensa ya pa tayala yadzadza fumbi ndi matope, kapena waya wake waduka ndi maenje athuwa. Timalumikiza makina pansi pa chiwongolero, amatiuza kuti ndi tayala liti, basi.

Chimene chingakugwetseni msangamsanga ndi chofiira chozungulira chija, chokhala ndi chizindikiro cha mfuwu (!) pakati. Handibuleki mwatsitsa koma chikuyakabe? Mafuta a mabuleki achepa, mwina mapadi atha kapena pena pakudontha, ndipo poyeza mabuleki zimenezo sizibisika. Chofiira cha oyilo kapena cha kutentha chikayaka muli pamsewu, za COF iwalani kaye, imani pambali muzimitse, injini ingafe.

Check engine ndiye ili ndi zifukwa zambirimbiri. Pena ndi sensa ya okosijeni, pena mafuta a m'zigubu tinkathira nthawi ya mizere ija, pena wina anachotsa catalytic converter, chosefera utsi chija, mu ekizozi, utsi n'kumanunkha. Ikamathwanimathwanima, injini ikuphonya moto, musayende nayo kutali.

Ndipo musamvere zoti kuchotsa waya wa batire kumachiza. Kanyali kamatha kuzima inde, koma muyenda pang'ono kabwereranso, mwina muli pa mzere womwewo, ndalama mwalipira kale.

Ndiye chitani chonchi. Jambulani dashibodi injini ikulira munditumizire, ndione ngati ndi ka ABS kokha. Mawa mukasiya ana mubwere nayo ku Biwi, tiione m'mawa kusanadzaze. Sensa ikakhala yofunika kugula tikhale ndi Lachinayi lonse loifunafuna. Ndipo musaiwale khadi lanu la Road Traffic, chaka chatha munabwerera panjira. Mundipatsire moni amayi.