Care plan si ya malikisi okha, ndi imene imakugwira dzanja popereka mankhwala

Sabata yatha mtsikana wina wa chaka chachiwiri ku koleji ya unamwino anandilembera za care plan, ija pulani yolemba ya mmene namwino asamalire wodwala aliyense, akuti, "Anti, ma care plan atitopetsa, timalemba mapeji ndi mapeji koma tikafika ku wodi sitiona munthu akulemba zonsezi, ndiye phindu lake nchani? Komanso ikafika nthawi yopereka mankhwala manja amanjenjemera." Mayi ake nawo anawonjezera pansi pake, akuti mwanayu masamu ankamuvuta ku sekondale, kodi sadzavulaza munthu?

Mwana wanga, mafunso ako awiriwa ndi funso limodzi. Chimene ukuti chakutopetsacho ndi chomwecho chimene chingathetse manthawo.

Zoona, mu wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala ambirimbiri, ena agona pansi, sangakhale pa desiki kulemba mapeji anayi pa munthu aliyense. Koma sisitala wodziwa ntchito ukamuyang'anitsitsa uona kuti masitepe asanu aja akuwachita m'mutu, kuyeza ndi kufunsa, kupeza vuto, kukonza pulani, kuchita, kenako kubwerera kukaona ngati zathandiza. Akukulembetsa pano kuti zilowe m'magazi basi, mpaka udzazichite usiku wa 2 koloko uli ndi tulo. Ndipo sanaziyambitse ma tutor ako pofuna kukuzunza ayi, Ida Jean Orlando analemba za maganizo amenewa mu 1961 ku America, ndipo lero anamwino m'maiko ambiri amaphunzitsidwa zomwezi.

Tiye titenge mwana wa malungo aakulu, poti ameneyu ukumana naye ndithu, makamaka nyengo ya mvula. Adokotala alemba artesunate, jakisoni wa malungo aakulu. Wophunzira amene care plan sanaimvetse amathamangira ku trolley. Iwe yamba ndi sikelo. Usangokopera kulemera kumene kuli m'buku la kuchipatala, mwina anamuyeza miyezi itatu yapitayo asanadwale, muyeze wekha lero. Yeza kutentha kwa thupi, werenga kapumidwe, yang'ana m'zikhato ndi m'maso ngati magazi achepa, yeza shuga chifukwa mwana wa malungo aakulu shuga amatsika mosachenjeza, ndipo funsa gadiyani bwinobwino, wakomoka kangati, wakodza liti, kunyumba mwamupatsa chani, kaya LA wotsala wa mkulu wake kaya mankhwala azitsamba. Ufunse mosakalipa, ukakalipa agogo aja angoti "palibe" ndiye wataya nkhani yofunika.

Tsopano masamu, ndipo mayi apa mumvetsere nanu. Mwana akulemera 12 kg. Mwana wosafika 20 kg amalandira 3 mg pa kilo iliyonse, wamkulu kuposa pamenepo ndi 2.4 mg. Ndiye 12 kuchulukitsa ndi 3, ndi 36 mg. Kabotolo kamakhala ka 60 mg, ukasungunula ndi 1 ml ya bicarbonate nkuwonjezera 5 ml ya saline monga timachitira popereka mumtsempha, 1 ml iliyonse ili ndi 10 mg, choncho ukoka 3.6 ml. Basi. Palibe algebra yoopsa apa, ndi kuchulukitsa, kugawa ndi kusamala pamene pakhala kadontho. Kadonthoko ndiye ndimakaopa ine, 3.6 ndi 36 zimasiyana kakhumi, nchifukwa chake ndimati yankho lako uziliwerengetsa kwa namwino amene ukugwira naye usanabaye, ngakhale utakhala kuti ukudzidalira bwanji. Dozi yachiwiri ibwera pakatha maola 12, yachitatu pa maola 24 kuchokera pa yoyamba ija, ndiye nthawi imene wabaya ilembe yeniyeniyo, osati imene inayenera kukhala.

Zisanu zija munaziloweza, wodwala woyenera, mankhwala oyenera, mlingo, njira, nthawi. Choyambacho anthu amachipeputsa. Ine ndinaonapo mu wodi ina amayi awiri a mfunda umodzi atagona mabedi oyandikana, wophunzira anangoitana dzina la bambo, mayi amene sanali mwini mankhwala nkuvomera, mwamwayi sisitala anaona fayilo mapiritsi asanamezedwe. Usamafunse kuti "ndinu mayi akuti eti?" chifukwa munthu wodwala amavomera chilichonse. Funsa kuti "dzina lanu ndani amayi?" anene okha, iwe uyerekeze ndi fayilo. Pomwepo funsanso ngati pali mankhwala amene anawatulutsapo ziwengo kapena kuwatupitsa, makamaka usanapereke X-pen (jakisoni wa penicillin) kapena Bactrim.

Sitepe imene ophunzira ambiri amaidumpha ndi yomaliza. Wabaya, wasaina, wapita. Ayi. Bwerera. Kutentha kwatsika? Mwana watsitsimuka, wayamba kuyamwa? Pamene pali kanyula patupa? Ukadzapita ku matenite udzaona kufunika kwake kwa zimenezi ndi magnesium sulphate wa amayi a BP yokwera amene akukomoka, dozi yotsatira siperekedwa chifukwa choti nthawi yakwana basi, umayamba waona ngati akupuma bwino, ngati bondo likudumpha ukaligogoda, ngati mkodzo ukutuluka wokwanira, ndipo calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium akachuluka m'thupi, azikhala pafupi. Digoxin, mankhwala a mtima, naye chimodzimodzi, werenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, ukapeza kuli pansi pa 60 kwa munthu wamkulu usapereke, kauze akulu. Waona? Kuyeza kuja ndi kumene kukukuuza kuti pereka kapena dikira.

Pali china chimene ndikufuna ndikuuze mosabisa chifukwa chimandipweteka mtima. Mudzapanikizidwa, wina adzakupatsa sirinji yokoka kale nkuti kabaye bedi 7. Kana mwaulemu, "sisitala pepani, ndione kaye kabotolo ndi fayilo". Usasainire mankhwala amene sunapereke ndi dzanja lako, ndipo dzanja la adokotala likakhala losawerengeka kafunse, osaganizira. Ukalakwitsa nena nthawi yomweyo, manyazi ako ndi aang'ono poyerekeza ndi maola amene akanagwiritsa ntchito kupulumutsa munthuyo. Kaya uli ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), ku Malawi College of Health Sciences, kaya ku makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, ngati Nkhoma, Ekwendeni kapena Mulanje Mission, pamapeto onse mumakumana pa mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo kaganizidwe kameneka ndi kamene mayeso a unamwino amafufuza, osati kuloweza mayina a mankhwala kokha.

Inu mayi, mtima pansi. Mwana amene akuopa kulakwitsa ndimamukonda kuposa amene saopa kanthu. Ngati mukufuna kumuthandiza mugulireni wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi, kalikyuleta yaing'ono kuti asamadalire foni imene batire limatha, ndi kabuku kolowa m'thumba la yunifomu. Akabwera ku holide muzimupatsa manambala, mwana wa 8 kg, wa 17 kg, wa 23 kg, awerengere mokweza inu mukumva, asanu patsiku akwana. Wa 23 kg uja muonetsetse ngati wakumbukira kusintha kuchoka pa 3 kupita pa 2.4.